There is kapena there are: kasankhidwe kake popanda kungolota

Mwana wa ku Ngabu kapena wa ku Bangula akalemba m'kope kuti "There is many goats at the market", musafulumire kunena kuti mutu wake sugwira. Watsata khutu lake. M'Chichewa timati "pamsika pali mbuzi imodzi", timatinso "pamsika pali mbuzi makumi awiri", ndipo "pali" amakhala yemweyo. Chimene chimasinthitsa mawu amenewa ndi malo: pamsika pali, kudimba kuli, m'khola muli. Chingerezi chilibe nawo ntchito malowo. Chimayang'ana chinthu chimene chikunenedwa kuti chilipocho, n'kufunsa ngati chili chimodzi kapena zili zingapo.

Ana asukulu ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi zimenezi, poti satifiketi ya MSCE siituluka ukalephera Chingerezi. Koma si iwo okha. Mlembi wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, wazaumoyo wolemba lipoti la pamwezi, mnyamata wolemba kalata yofunsira ntchito ku Nchalo, onsewa tsiku lina amayenera kunena m'Chingerezi zimene zilipo ndi zimene palibe. Njira imene tikufotokoza panoyi ndi yoti muitsate ndi cholembera m'manja mpaka italowa m'magazi.

Siyani mpata, lembani dzina kaye

Mukamayamba chiganizo, lembani "There", siyani mpata wokwana mawu amodzi, kenako lembani chinthu chimene mukunenacho. Mneni, amene ndi "is" kapena "are", mumuike pampatapo pomaliza, mutaona kale dzinalo. Anthu ambiri amalakwa chifukwa dzanja limathamangira kulemba "is" mutu usanaganize n'komwe chimene chikubwera kutsogolo.

There ___ a sugar factory at Nchalo.
There ___ two districts in the Lower Shire.

Fakitale ndi imodzi, ndiye "is". Maboma ndi awiri, Chikwawa ndi Nsanje, ndiye "are". Mawu oti "there" apa sakutanthauza "uko" ayi, angoima kutsogolo kuti chiganizo chiyambike. N'chifukwa chake mukhoza kunena kuti "There are hippos there": woyambayo alibe tanthauzo la malo, wachiwiriyo ndiye akuloza uko kuli mvuuzo.

Malo akayamba kutchulidwa, musawalole kukusokonezani. Mu chiganizo choti "In the villages near Makhanga there is a problem", midzi ndi yambiri koma vuto ndi limodzi, ndipo mneni akutsata vutolo. Mu "In Majete there are elephants", Majete ndi mmodzi koma njovu n'zambiri.

Kenako pezani dzina lenileni. Nthawi zambiri pambuyo pa mpata pamabwera mulu wa mawu, mayina awiri kapena atatu ali momwemo. Phimbani ndi chala mawu onse oyambira pa aperekezi monga "of", "in", "on", "at", "with" ndi "near". Chimene chatsala poyera ndicho chikulamula mneni.

There is a bag of groundnuts on the bicycle.
There are three bags of maize in the canoe.

M'chiganizo choyamba "groundnuts" ali ndi s kumapeto ndipo amakopa diso, koma chimene chili panjinga ndi thumba limodzi. Chachiwiricho matumba ndi atatu, ngakhale "maize" alibe s. Chimodzimodzi "a herd of cattle", "a pair of shoes" ndi "a box of matches": gulu ndi limodzi, peyala ndi imodzi, bokosi ndi limodzi, choncho zonsezi zimayenda ndi "there is".

Chichewa chili ndi kachida kamene kangakuthandizeni apa. Mmalo moganiza ndi "pali", tembenuzani chiganizo m'mutu kuti chithere ndi "-lipo". Mbuzi ilipo, mbuzi zilipo. Bwato lilipo, mabwato alipo. Mwaona kuti tsopano mneni wayamba kusintha motsata chinthucho, monga momwe Chingerezi chimafunira. Pa zinthu zowerengeka, monga nyumba, mijigo, makalasi ndi ziweto, njira imeneyi imagwira bwino ntchito. Koma ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene amagwetsa ngakhale anthu ophunzira bwino.

Zinthu zimene Chingerezi sichiwerenga

Funso lachiwiri, mutapeza dzina, ndi lakuti: kodi Chingerezi chimawerenga chinthu chimenechi? Musafunse ngati inuyo mungathe kuchiwerenga. Chimanga mukhoza kukhala pamkeka n'kuwerenga njere imodziimodzi, koma Chingerezi chimatenga "maize" ngati mulu umodzi wosagawika. Mayina onse otere amatenga mneni wa chinthu chimodzi, kaya chinthucho chadzadza nkhokwe.

Ambiri mwa mayina amenewa ndi a zinthu zimene tili nazo tsiku ndi tsiku kuno kuchigwa: water, maize, rice, sorghum, millet, cotton, sugarcane, flour, salt, sand, mud, firewood, charcoal, fuel, money, rain, electricity. Tsono taonani mmene Chichewa chimatinamizira. Madzi, mapira, matope, makala, mafuta ndi magetsi onse amayamba ndi "ma-" ndipo timati "alipo", ngati mmene timanenera mabwato. Ndalama, nkhuni ndi nzimbe timati "zilipo". Khutu limamva zambiri, dzanja n'kulemba "are". Umu ndi mmene mumabadwira ziganizo zolakwika ngati "There are no electricity" ndi "There are enough money". Zolondola ndi izi:

There is no electricity at the trading centre.
There is enough money for transport.
There is a lot of mud on the road.

Chinyengo chomwechi chimabweranso chotembenuka. Timati "mtedza ulipo", "mbatata ilipo", "udzudzu ulipo wambiri", ngati chinthu chimodzi. Chingerezi chimawerenga zonsezi: "There are groundnuts", "There are sweet potatoes", "There are many mosquitoes near the marsh". Ndipo musavutike kufunafuna chifukwa chimene nyemba zimawerengedwera pomwe mpunga suwerengedwa. Mumphika umodzi "there are beans", mumphika winawo "there is rice". Palibe lamulo lobisika pamenepa, n'kungoloweza basi.

Gulu lina ndi la mayina a m'maofesi ndi m'malipoti, ndipo ife timaona kuti ili ndiye loopsa kwambiri chifukwa anthu amalakwitsa molimba mtima, akumaika s pomwe sayenera kukhala: information, advice, equipment, furniture, luggage, evidence, homework, rubbish, damage, traffic. Malangizo, zipangizo, mipando ndi zinyalala ndi zambiri m'Chichewa, koma m'Chingerezi mulibe "advices", "equipments" kapena "furnitures". Mumati "There is new equipment at the health centre", ngakhale zipangizozo zitadzadza chipinda.

Mukafuna kutchula nambala ya chinthu chosawerengeka, chiikeni m'chotengera kapena mu muyeso, ndipo mneni atsate chotengeracho. "There is water in the house", koma "There are two buckets of water in the house". "There is firewood", koma "There are five bundles of firewood". Thonje muwerenge mabelo, ufa muwerenge matumba kapena makilogalamu: "There are 50 kilograms of maize in this bag". Malangizo ndi mipando zimatenga "piece": "There are two pieces of advice".

Mukakayika, tsegulani dikishonale ya ophunzira Chingerezi. Pambali pa dzina pamakhala chilembo C ngati limawerengeka, kapena U ngati siliwerengeka. Tikulangiza wophunzira aliyense kuti asiye masamba awiri kumapeto kwa kope lake la Chingerezi, ndipo dzina lililonse la U limene wakumana nalo azililemba pamenepo pamodzi ndi chiganizo chimodzi choyamba ndi "There is". Pofika kumapeto kwa teremu amakhala ndi mndandanda wake wa mawu amene amamupunthwitsa iyeyo, umene umaposa mndandanda uliwonse wokopera pabolodi.

Mayina ena ali mbali zonse ziwiri, ndipo tanthauzo limasintha. "There is chicken in the pot" ndi ndiwo, "There are chickens in the yard" ndi nkhuku zamoyo zikupalasa pabwalo. "Fish" ndiye amafunika maso: sasintha kalembedwe, koma "There is fish for supper" ikunena za ndiwo, pomwe "There are fish in the net" ikunena za nsomba zoti mukhoza kuziwerenga. "There is no room on the lorry" ndiye kuti malo atha, "There are no rooms at the resthouse" ndiye kuti zipinda zadzadza.

S wa kumapeto asakupusitseni

Ana ambiri anaphunzitsidwa kuti ukaona s ndiye kuti n'zambiri. Lamulolo limathandiza kusitandade 3, koma pambuyo pake limayamba kunama. People, children, men, women, police ndi cattle alibe s, koma onsewa ndi ochuluka. Kuno kumene ng'ombe zili paliponse, mawu oti "cattle" ayenera kudziwika bwino: nthawi zonse amatenga "are", ndipo palibe "a cattle" kapena "cattles". Ng'ombe imodzi ndi "a cow", "a bull" kapena "an ox". Mumati "There are cattle on the road" ndiponso "There are police at the roadblock". Nkhosa nazo sizisintha: "There is one sheep", "There are ten sheep".

Kumbali inayi, "news" ali ndi s koma ndi chinthu chimodzi: "There is good news". Momwemonso "mathematics" ndi "measles". Matenda ambiri satenga nambala paokha. Mumati "There is cholera in the area", koma mukawerenga odwala mumati "There are four cases of cholera". Nanga buluku ndi sizasi? "Trousers" ndi "scissors" nthawi zonse ndi zambiri ngakhale chinthucho chili chimodzi, pokhapokha mutayamba ndi "a pair of".

Mawu onena kuchuluka

Apa lamulo lophimba ndi chala lija lili ndi popumira. "A lot of", "lots of" ndi "plenty of" salamula mneni. Ali ngati galasi la pawindo: yang'anani kupyola, muone dzina limene lili kuseri.

There is a lot of water in the Shire.
There are a lot of crocodiles in the Shire.

Kachilembo "a" kamene kali mu "a lot of" ndiko kamakokera anthu ku "is". Kamachitanso chimodzimodzi mu "a few", "a couple of" ndi "a number of", koma onsewa amatenga "are": "There are a few boats at the crossing", "There are a number of problems". Anzawo a zinthu zosawerengeka ndi "a little" ndi "much", amene amatenga "is". "Many" ndi "several" ndi a "are" nthawi zonse. "Some", "any", "no" ndi "enough" alibe mbali, amatsata dzina. Pali kamodzi kodabwitsa kamene kamakonda kubwera m'mayeso osankha yankho: "more than one" amatenga "is", ngakhale tanthauzo lake ndi zingapo. "There is more than one road to the village." Ndipo something, nothing, somebody, nobody ndi anyone onse ndi a "is".

Zinthu zingapo zikatchulidwa mondondozana, mneni kawirikawiri amatsata chimene chili pafupi naye, ndiye kuti choyambacho.

There is a table and four chairs in the office.
There are four chairs and a table in the office.

Alipo akatswiri ena amene amakonda "are" m'chiganizo choyambacho ponena kuti zinthu zonse pamodzi ndi zisanu. Inu musalowe nawo mkanganowo muli m'chipinda cha mayeso. Yambani ndi chinthu chochulukacho, monga m'chiganizo chachiwiri, ndipo palibe wochonga amene angakudulireni malikisi.

Nthawi ikasintha

Zonse tanenazi zimagwiranso ntchito pa nthawi yakale. "Panali" ndi mmodzi m'Chichewa, koma m'Chingerezi ndi "there was" kapena "there were". Polemba za madzi osefukira amene anavuta ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Januwale 2015, mukhoza kunena kuti "There were floods" kapena "There was flooding", chifukwa "floods" amawerengeka pomwe "flooding" sawerengeka. Za namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 mumati "There was a cyclone". Mukaphatikiza ndi namondwe Ana, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, anamondwe akhala awiri ndipo mneni ndi "were".

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi pa "has been" ndi "have been", chifukwa maso amathamangira pa "been" n'kuiwala kuti wosintha ndi mnzakeyo. "There has been no rain this month", koma "There have been many meetings". Chimodzimodzi "There seems to be a mistake" ndi "There seem to be two mistakes". Apa s ali pa mneni wa chinthu chimodzi, mosemphana ndi mmene zimakhalira pa mayina. "Going to" nayenso amasintha kutsogolo kwake: "There is going to be a meeting", "There are going to be changes".

Pa will, may, might, can, must, should ndi used to, pumulani. Amenewa sasintha. "There will be a meeting", "There will be many people".

Kukana ndi kufunsa n'kosavuta ngati dzina mwalipeza kale. "Palibe" ali ndi njira ziwiri: "There is no water" kapena "There isn't any water", "There are no boats" kapena "There aren't any boats". Musaphatikize ziwirizi kukhala "There isn't no water". Pofunsa, mneni amabwera kutsogolo: "Is there a nurse?", "Are there any drugs?" Funso la kuchuluka limatsata kuwerengeka komwe kuja: "How much flour is there?", "How many families are there?" Kafunso ka kumchira kamabwereza "there", osati "it": "There is a meeting today, isn't there?" Chizolowezi choika "isn't it" kumapeto kwa chiganizo chilichonse n'chofala, koma pamayeso chimadya malikisi.

Zimene mumamva ndi zimene muyenera kulemba

Wophunzira watcheru adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, bwanji pa wailesi ndi m'mafilimu azungu eniake amati there's many people?" Akunena zoona. Poyankhula, eni chiyankhulochi amagwiritsa ntchito "there's" ngakhale pa zinthu zambiri, chifukwa ndi wopepuka pakamwa. Musamutsutse mwanayo. Muuzeni kuti zimenezo n'zapakamwa, ndipo m'chimangirizo, m'lipoti ndi m'kalata yantchito sizivomerezeka. Njira yodzitetezera ndi kusalemba "there's" n'komwe. Mukalemba mawu onse awiri mokwanira, kulakwa kumaonekera msanga. Poyankha mwachidule ndiye "there's" saloledwa ngakhale pakamwa: ndi "Yes, there is", osati "Yes, there's".

Vuto lina limachokera ku katchulidwe. Ambiri timatchula "there are" ndi "they are" mofanana, ndipo zimathera pa pepala ngati "They are many people at the market". "They are" amafuna kuti anthuwo akhale atatchulidwa kale, ndipo amafotokoza mmene alili. "There are" amawabweretsa koyamba. Ziwirizi zimatsatana bwino chonchi: "There are fishermen at the lagoon. They are mending their nets." M'ziganizo ziwiri zomwezi muli there, they ndi their, aliyense pa ntchito yake. Aphunzitsi angachite bwino kulembetsa ziganizo zotere mowayitanira ana pakamwa, mphindi zisanu poyamba phunziro, kawiri pa sabata. Pewaninso kusakaniza ndi "have". Kuli koyenera kunena "The village has two boreholes" kapena "There are two boreholes in the village", koma "There has two boreholes" kulibe.

M'kalasi la ana aang'ono, zinthu zogwirika zimaphunzitsa kuposa bolodi. Ikani patebulo chitini cha mchenga, nyemba zodzadza dzanja, botolo la madzi, miyala itatu, mchere pang'ono papepala ndi malambe awiri. Mwana aliyense anyamule chimodzi n'kunena chiganizo. Akatha, chotsani miyala iwiri kuti utsale umodzi, onjezani botolo lachiwiri la madzi, anenenso. Pa botolo lachiwirilo ndi pamene mudzaone amene amvetsa, chifukwa ayenera kusankha pakati pa "There is water" ndi "There are two bottles of water".

Kuchonga zimene mwalemba

Mukamaliza kulemba, bwererani pachiyambi ndipo musawerenge nkhani yonse. Sakani mawu oti "there" okha. Pa aliyense, dulani mzere kunsi kwa mneni, zungulizani dzina lenileni, funsani ngati limawerengeka, ndipo ngati limawerengeka onani ngati ndi limodzi. Pa chimangirizo cha tsamba limodzi ndi theka ntchitoyi siidutsa mphindi zitatu. Yeserani pa kandime aka, kongopeka koma kofanana ndi malipoti amene amalembedwa anthu akathawira kumtunda nthawi ya dzinja:

There is 40 families at the camp. There are no clean water. There is a lot of children under five. There are some maize flour but there is no beans. There has been three cases of diarrhoea. They are only two toilets. There were a lot of damages to the school furnitures.

Chiganizo choyamba chikufuna "are", poti mabanja ndi 40. Chachiwiri chikufuna "is", madzi sawerengeka. Chachitatu, yang'anani kupyola "a lot of" ndipo mupeza "children", ndiye "are". Chachinayi aneni ake asinthana malo: ufa ndi wa "is", nyemba ndi za "are". Chachisanu chikhale "There have been three cases". Chachisanu ndi chimodzi chiyambe ndi "There are", chifukwa zimbudzizo zikutchulidwa koyamba.

Chomalizacho chili ndi zolakwika zitatu, ndipo chikonzedwe kukhala "There was a lot of damage to the school furniture". Samalani kwambiri ndi "damages". Mawuwa alipo ndithu m'Chingerezi, koma amatanthauza chipepeso cha ndalama chimene khoti limalamula kuti wolakwa apereke. Mlembi amene akufuna kunena kuti madesiki aonongeka ndi madzi achotse s ameneyo, ndipo mneni akhale "was".